M'mera Mpoyamba: Mbiri ya Kakulidwe ka Ana m'Dziko la Chama

Anthu a ku migodi ndi a m'matauni amadziwa dzina la Chama cifukwa ca mpunga wace. Pa msika wa Soweto mu Lusaka, kapena pa Chisokone ku Kitwe, wogulitsa akati mpunga uwu ngwa ku Chama, wogula sacita makani ambiri pa mtengo, pakuti fungo lace limadzinenera lokha. Koma ndi owerengeka amene amafunsa za ana obadwira kumene mpungawo umera: amakula motani, cimawalimbitsa nciani, cimawabweza m'mbuyo nciani. Nkhani ino ilondola mbiri ya anawo kuyambira masiku a malinga kufikira lero, cifukwa mbiriyo iri ndi mau kwa mwamuna ali yense amene anasiya mkazi ndi khanda kumudzi, iye nadza kudzagwira nchito kutali.

Dziko la Chama liri kumpoto kwa cigwa ca Luangwa, cimene anthu amacicha Malambo. Kumadzulo kwace kuli mapiri a Muchinga, kum'mawa kuli malire a Malawi ndi dambo la Vwaza, ndipo njira yakale yotulukira m'dzikomo ndiyo ya kumwera, yopita ku Lundazi. Eni dziko ambiri ndi Asenga, amene cinenero cao cifanana ndi Citumbuka. Mafumu a dzikolo ndiwo Kambombo, amene ali wamkulu, ndi Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Lundu ndi Mulilo. M'caka ca 2011 Boma linaika Chama m'cigawo catsopano ca Muchinga, ndipo mu 2021 linambwezanso ku cigawo ca Kum'mawa. Ndi dziko lotentha, la nthaka yabwino m'mbali mwa mitsinje, la nyama zambiri za m'thengo. Koma mvula ikagwa mitsinje imadzaza, ndipo midzi yambiri imakhala yokhayokha kufikira madzi ataphwa.

Zimene khanda lifuna

Mwana wobadwa bwino amalemera makilogalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono. Pofika miyezi isanu kulemerako kumakhala kutawirikiza kawiri, ndipo pofika caka cimodzi, katatu. Ubongo wace pobadwa uli ngati gawo limodzi la magawo anai a ubongo wa munthu wamkulu. Pofika zaka ziwiri wafika pafupi magawo atatu. Palibenso nthawi yina m'moyo wa munthu imene thupi limamangidwa msanga cotere. Ndico cifukwa cace asing'anga a masiku ano amawerenga masiku 1,000, kuyambira pamene mai aima kufikira mwana atakwana zaka ziwiri, nanena kuti cimene cisoweka m'masiku amenewa cimabvuta kucibweza pambuyo pace. Makolo anaidziwa kale nzeru imeneyi, pakuti anati m'mera mpoyamba.

Kuti mwana apyole bwino masiku amenewa afuna zinthu zitatu. Coyamba ndico cakudya: bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pace bere pamodzi ndi phala lolimba losakaniza ndi nsinjiro, nyemba, dzira, nsomba kapena masamba, katatu kapena kanai pa tsiku, cifukwa mimba yace njaing'ono ngati kapu ya tiyi, ndipo singalandire zambiri nthawi imodzi. Caciwiri ndiko kuchinjirizidwa ku matenda, pakuti malungo, cikuku ndi kutsegula m'mimba zimadya m'sabata imodzi mnofu umene mwana anaupeza m'miyezi iwiri. Cacitatu ndiye munthu wa mpata, womnyamula, womyankha akalira, wolankhula naye ndi kusewera naye.

Anthu ena amati ana a mtundu wakuti ngaafupi cibadwire. Pakati pa 1997 ndi 2003 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linapima ana oposa 8,000 a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America, onse oyamwa bwino ndi osungidwa bwino, ndipo linapeza kuti m'zaka zisanu zoyamba anakula pafupifupi mofanana. Cotero ana ambiri a dziko limodzi akapinimbira, mlandu suli pa mtundu wao ai, koma pa zimene zinacitikira dziko laolo. Mbiri ya Chama ionetsa mmene nkhondo, msonkho, kashembe ndi ulendo wa amuna zinalandira kapena kubwezera ana zinthu zitatu zija.

Masiku a malinga

M'zaka za ma 1800 cigwa ca Luangwa cinali njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pambuyo pace a M'mbelwa anakhazikika ku mapiri a kum'mawa, kumene ankatsika kudzathira nkhondo m'cigwa. Kumadzulo kunkacokera Awemba, ndipo Aarabu ndi Aswahili anali kuyendayenda ndi mfuti zao. Asenga, pokhala pakati, anamanga midzi yao m'malinga a mitengo ndi minga. Donald Fraser wa Mishoni ya Livingstonia, amene anayenda m'dziko la Asenga nasindikiza buku la nchito yace mu 1914, anawapeza akali ndi cikumbukiro ca masiku amenewo.

Linga linasunga mwana ku mkondo, koma linampereka ku matenda. Anthu ambiri akapanikizana pamalo pamodzi, natunga madzi pa citsime cimodzi, nthomba ndi kamwazi zimayenda msanga, ndipo oyamba kugwa ndi makanda. Minda yakutali inali yoopsa kuilima, ndipo caka ca nkhondo cinali caka ca njala.

Komabe mwambo wa makolo a m'maiko ano unali ndi zochinjiriza zace. Mwana ankayamwa zaka ziwiri kapena kuposa. Mwamuna ndi mkazi wace ankadziletsa nthawi yaitali mwana atabadwa, ndipo banja lotumbiza linkadzudzulidwa ndi nchembere, kotero kuti ana sanali kubadwa mopanikizana. Khanda linkakhala kumbuyo kwa amace usana wonse, likumva kutentha kwao ndi mau ao. Amai akatopa panali agogo, azakhali ndi atsikana omlandira. Mapira, mawere, nshawa, maungu, nsomba za m'Luangwa ndi nyama ya alenje zinali kupatsa mudzi ndiwo za mitundumitundu. Mwambo womwewo unalinso ndi zofooka zace. M'midzi yambiri khanda la masabata owerengeka linkamwetsedwa madzi a mankhwala ndi phala lamadzimadzi, limene lidzaza mimba koma lopanda mphamvu, ndipo madziwo ndiwo ankalowetsa matenda.

Msonkho ndi kashembe

Kampani ya British South Africa italanda dzikolo kumapeto kwa zaka za ma 1890, nkhondo zinatha ndipo anthu anatuluka m'malinga. Koma mtendere unadza ndi katundu wace. Poyamba pa zaka za ma 1900 Boma la ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, linaika msonkho wa nyumba wa masiling'i atatu. M'cigwa munalibe msika wogulitsako mbeu, ndipo njira yopezera ndalama inali imodzi yokha, ndiyo ya miyendo. Amuna anayamba ulendo wa ku Southern Rhodesia, ku mapulazi ndi ku migodi. Pambuyo pace ena analoza ku golide wa ku Lupa m'Tanganyika, ndipo migodi ya mkuwa itatseguka ca m'ma 1930, ambiri anapita ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Ena ankabwera ndi nsalu, mabulangete ndi njinga. Ena anasanduka machona, osamvekanso.

Nthawi yomweyo cigwa cinalowedwa ndi mdani wina. Ca m'ma 1892 mliri wa ng'ombe unapha njati ndi nyama zina zambiri, ndipo kashembe, nchenche imene ena amati tsetse, anacepa pamodzi nazo. Koma nyama zinaswananso, Boma linaletsa mfuti ndi kusaka, amuna otema thengo anali kutali, ndipo thengo linabwerera m'minda. Kashembe naye anabwera wocuruka kuposa kale. Wolemba mbiri Leroy Vail anafotokoza mayendedwe amenewa mu 1977, nasonyeza kuti malamulo a Boma anathandiza kufalitsa nchencheyo kum'mawa kwa Zambia. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza kacirombo katsopano ka matenda a kaodzera m'mwazi wa Mzungu amene analumidwa m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito m'cigwa momwemo, anatsimikiza kuti kashembe ndiye amakatenga ku nyama za m'thengo nakapatsa anthu. Boma linatseka njira zina ndi kusamutsa midzi yina. Mu 1938 linapatula nkhalango za Luangwa kuti zikhale za nyama, ndipo mu 1972 nkhalangozo zinakhala mapaki a dziko.

Zonsezi zioneka ngati nkhani za akuluakulu, koma zinathera pa mbale ya mwana. Kumene kuli kashembe ng'ombe sizikhala. Cotero ku Chama kunalibe mkaka wa ng'ombe, kunalibe pulawo ya ng'ombe, kunalibe ngolo, ndipo munda wonse unali wa khasu. Kusaka kutaletsedwa, nyama inasowa m'mbale, pamene njobvu zinali kudya mapira usiku. Ndipo mwamuna atacoka, khasu lace linagwera mkazi.

Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Awemba, tsidya lija la mapiri a Muchinga, m'zaka za ma 1930, nalemba buku la minda ndi zakudya zao mu 1939, anapeza midzi imene pafupifupi theka la amuna a mphamvu linali ku nchito. Anaonanso kanthu kamene ambiri sanakaone: kuti masiku ena banja linkagona ndi njala cakudya ciri m'nkhokwe, cifukwa mai anabwera ku munda wotopa kotero kuti sanathe kusinja, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuphika. Munthu wamkulu angathe kudya kamodzi pa tsiku nakhala moyo. Mwana wa caka cimodzi sangathe. Ndipo nthawi imene nchito ya kupalira icuruka, mu January ndi February, ndi nthawi yomweyo imene nkhokwe zimatha, udzudzu umacuruka ndipo madzi a m'zitsime amadetsedwa. Miyezi imeneyi ndiyo inali cigwa ca imfa kwa ana a m'Malambo.

Mwana wotupa miyendo ndi nkhope, wa tsitsi lofiira ndi lofewa, wosafuna kusewera, anali wodziwika m'midzi. Acewa ankati ndi tsempho, Atumbuka ankati ndi moto, ndipo mlandu unkagwa pa makolo amene anaswa mwambo wa kudziletsa. Mu 1933 Cicely Williams, sing'anga wamkazi wogwira nchito ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana, anafotokoza nthendayi, ndipo mu 1935 anaicha ndi dzina la anthu a kumeneko, kwashiorkor, ndiyo nthenda ya mwana wocotsedwa ku bere cifukwa mnzace ali m'njira. Nchembere za kuno ndi sing'anga uja anaona cinthu cimodzi: mimba yatsopano ikadza msanga, wamkulu amadwala. Anasiyana pa mankhwala okha. Nchembere zinafuna mizu. Sing'anga anati mwanayo apatsidwe cakudya comanga thupi.

Ufulu, sikelo ndi katemera

Pofika zaka za ma 1950 mwana wobadwira m'komboni ya mgodi anali ndi cipatala pafupi, madzi a m'mpope, ndi anamwino omuyeza kulemera. Mbale wace wobadwira kwa Chifunda kapena kwa Mulilo anali ulendo wa masiku kucokera kwa dokotala. Atate ao anali amodzi, nchito ya manja amodzi ndiyo inakumba mkuwa, koma mwai wa ana awiriwo unasiyana kutali.

Caka ca ufulu cinadza ndi cisoni cace. Pakati pa 1964 kunabuka nkhondo pakati pa a Mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, a cipani ca UNIP ndi asilikali a Boma, m'maiko a Chinsali ndi Lundazi, ndipo dziko la Asenga linalowamo. Monga mwa ciwerengero ca Boma anafa anthu oposa 700. Ambiri anathawira m'thengo, ena mpaka ku Congo, ndipo m'kuthawa kotere amene amayamba kufooka ndi oyamwa ndi oyamwitsa.

Koma Boma latsopano linaika mtima pa ana. Mu 1967 linakhazikitsa bungwe la National Food and Nutrition Commission kuti liyang'anire kadyedwe ka anthu. M'zipatala zazing'ono munayamba sikelo ya ana osakwana zaka zisanu, monga mwa citsanzo ca David Morley, amene kumapeto kwa zaka za ma 1950, pa mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria, anakonza khadi lokhala ndi mzere wosonyeza njira ya kukula. Nzeru ya khadilo inali yakuti likhale m'manja mwa mai, ndi kuti mzere ukaleka kukwera anthu adziwe kuti pali cobvuta mwana asanatupe. Mu 1974 WHO inayamba nchito yofikitsa katemera kwa ana a maiko onse, ndipo Zambia inalowamo msanga. Nthomba, imene inkapululutsa midzi m'masiku a malinga, inalengezedwa mu 1980 kuti yatha pa dziko lonse lapansi.

Zabwinozi sizinakhalitse. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama za Boma zinacepa, ndipo zipatala za kutali ndizo zinayamba kusowa mankhwala ndi mafuta a galimoto. M'zaka za ma 1980 kunadza Edzi, imene inapha makolo a msinkhu wobala nisiyira agogo ana amasiye. Mu 1992 kunali cilala cacikuru, ndipo m'zaka zomwezo anthu anayamba kulipira pa cipatala. Kalembera wa za umoyo wa mu 1996 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo m'Zambia, 197 anali kufa asanakwane zaka zisanu, ndiye kuti pafupifupi mmodzi pa asanu ali onse.

Imfa zacepa, kupinimbira kwatsala

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Mu 1998 shuga wa m'Zambia anayamba kuthiridwa vitamini A. Kawiri pa caka kunakhala sabata ya umoyo wa ana, imene anamwino amafika m'midzi ndi katemera, vitamini ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Poyamba pa zaka za ma 2000 Zambia inasankha Coartem kukhala mankhwala a malungo, ndipo maukonde a udzudzu anagawidwa ulere. Amai apakati anayamba kulandira Fansidar, pakuti malungo a mai amacititsa mwana kubadwa wocepa thupi, ndiponso mankhwala oletsa kupatsira mwana kacirombo ka Edzi. Mu April 2006 Boma linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kufika 119 pa 1,000 mu 2007, 61 mu 2018, ndi 42 mu 2024. Palibe mbadwo wina wa m'Zambia umene unaona kusintha kotere.

Koma kukhala moyo ndi kwina, kukula bwino ndi kwina. Mu 2007 ana 45 pa ana 100 ali onse m'Zambia anali opinimbira, ndiko kufupika kosayenera msinkhu wao. Mu 2018 anali 35, ndipo mu 2024 anali 32. Ziwerengero izi nza dziko lonse, ndipo kumidzi zimaposa za m'matauni. Imfa zinatsika msanga cifukwa jekeseni ndi ukonde zimafika ndi galimoto tsiku limodzi. Kupinimbira kumatsika pang'onopang'ono cifukwa kumathetsedwa ndi mbale ya phala ya tsiku ndi tsiku, ndipo mbaleyo ifuna nshawa m'nkhokwe ndi munthu wa mpata woiphika. Mu 2013 Boma linayamba nchito yapadera ya masiku 1,000 oyamba pofuna kugwira bvuto lomweli.

Ngakhale ndalama za mbeu sizithetsa bvutoli pa zokha. Henrietta Moore ndi Megan Vaughan, amene anabwerera ku dziko lija la Audrey Richards nalemba buku lao mu 1994, anaona kuti mabanja ena olima cimanga cogulitsa anali ndi ana onyenchera, cifukwa nchito ya amai inacuruka, minda ya ndiwo inacepa, ndipo ndalama zinali m'thumba la abambo. Cenjezo limeneli liyenera dziko la mpunga ndi thonje ngati Chama. Banja lingathe kugulitsa matumba ambiri mu July, koma likagulitsa ndi nshawa zomwe, mwana adzadya phala loyera mu January.

Tsidya la malire, ku Ekwendeni m'Malawi, pakati pa anthu olankhula Citumbuka, cipatala ca mishoni cinayamba mu 2000 nchito yothandiza alimi kubzala nshawa, nandolo ndi soya. Rachel Bezner Kerr ndi anzace ogwira nchitoyo anapeza kuti kuphunzitsa mai yekha sikukwanira, pakuti wolamula za mzuwula ndi dawale, ndiwo madzi a mankhwala ndi phala lamadzi la makanda, anali agogo a kucimuna, ndipo wolamula za kugulitsa mbeu anali mwamuna. Atayamba kukhalitsa pamodzi agogo, abambo ndi amai kuti akambirane, ana a m'midzi imene inakhala nthawi yaitali m'nchitoyo anayamba kulemera bwino. M'cigwa ca Luangwa momwemo bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limagula mpunga, nshawa, soya ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yao, ndipo mpunga wa ku Chama uli pakati pa malonda ace. Ndiko kuyesa kubwezera mudzi, mwa njira ya munda, cimene unataya pamene kusaka kunaletsedwa. Komatu njobvu zikali kulowa m'minda, kaodzera akali kupezeka m'dzikomo, ndipo cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko anacilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakumbutsa anthu kuti nkhokwe ya m'cigwa siicedwa kutha.

Palinso msinkhu wa mai mwini. Mtsikana wa zaka 15 akali kukula, ndipo akaima, thupi lace ndi la mwana zimalimbirana cakudya cimodzi. Ana obadwa kwa atsikana otere amacuruka kubadwa ocepa ndi osakwana masiku. Kuyambira 1997 mtsikana wobala aloledwa kubwerera ku sukulu, kuyambira 2022 sukulu za Boma nzaulere kufikira sekondale, ndipo lamulo la 2023 linaletsa ukwati uli wonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Koma lamulo lolembedwa mu Lusaka limagwira nchito m'mudzi pokhapo mafumu, atate ndi amalume alibvomera.

Kukula kwa nzeru

Cacitatu cija, munthu wa mpata, ndico cinacedwa kudziwika kwa ophunzira. Mu 1986 ndi 1987, mu mzinda wa Kingston ku Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzace anatenga ana opinimbira 129 a miyezi 9 kufikira 24. Ena a iwo ankacezeredwa kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri ndi wanchito wa zaumoyo, amene ankaonetsa mai kusewera ndi mwana, kumchulira maina a zinthu, kumyamikira akacita bwino, ndi kumpangira zidole ndi zinthu za pakhomo. Patapita zaka 20 anawafunafuna anawo ali akuluakulu, ndipo anapeza kuti aja ocezeredwa anali kulandira malipiro oposa a anzao ndi gawo limodzi la magawo anai. Mu 2016 akatswiri anawerenga kuti ana 250 miliyoni a m'maiko osauka ali pa ngozi yosafika pamene akadafika, ndipo mu 2018 WHO, UNICEF ndi World Bank anagwirizana kuti kulera kwabwino kuli ndi mbali zisanu: umoyo, cakudya, citetezo, kuyankha mwana, ndi mpata wa kuphunzira. M'Zambia Boma linalemba aphunzitsi 1,000 oyamba a sukulu za mkaka mu 2013.

Nchembere ya kwa Tembwe ikamva zimenezi ingaseke, pakuti nyimbo zotonthoza mwana, nthano za madzulo, kuomba m'manja ndi kumseketsa khanda nzakale ngati mudzi womwe. Anthu a ku Jamaica sanapeze mankhwala acilendo; anangotsimikiza ndi ziwerengero kuti zimene agogo ankacita zimamanga ubongo. Cimene cinasowa ku Chama m'zaka zonsezi si nzeru ya kulera ai, koma mpata. Mai amene alima yekha, asinja yekha, nalonda njobvu usiku, alibe mphamvu ya kuyimba.

Mau kwa a ku nchito

Pa mbiri yonseyi pali cinthu cimodzi cobwerezabwereza. Zimene zinaononga ana a m'Malambo zinayambira kutali ndi iwo: pa bwalo la nkhondo, mu ofesi ya msonkho, pa msika wa mkuwa ku London. Ndipo zinafika kwa mwana mwa njira imodzi, ndiyo kucotsa manja pa mudzi ndi ndiwo m'mbale. Mwamuna wa ku Mufulira, ku Kansanshi kapena ku Lusaka sangathe kusintha mtengo wa mkuwa, koma pali zina zimene ziri m'manja mwace.

Ndalama zotumizidwa pa Khirisimasi zimagula zobvala ndi cisangalalo. Zotumizidwa mu January ndi February zimagula waganyu wopalira, mafuta ophikira, kapenta ndi mazira, pa nthawi imene mwana ali pa ngozi yeniyeni. Kale kalata ya ndalama inkayenda masabata. Lero foni imazifikitsa tsiku lomwelo, kotero kuti cowiringula capita. Mwamuna amene auza a kwao kuti thumba limodzi la nshawa lisagulitsidwe wasungira mwana wace nsinjiro za caka conse. Amene akonzeratu kuti mkazi wace akadikirire pafupi ndi cipatala mitsinje isanadzaze wapulumutsa miyoyo iwiri. Amene apangana ndi mkazi wace kuti wina asabadwe uyu asanakwane zaka ziwiri kapena zitatu wasunga mwambo wa makolo mwa njira ya masiku ano. Amene alankhula mwaulemu ndi amai ace za bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi wacotsa mkazi wace pa mkangano umene mkaziyo sangaupambane yekha. Ndipo amene akana kulandira cuma ca mwana wace wamkazi wa pa sukulu walimbitsa mdzukulu amene sanabadwe.

Pomaliza pali khadi la sikelo, limene liri m'nyumba iri yonse ya khanda, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Atate ambiri a ku nchito sanalitsegulepo. Koma atate amene poimba foni kumudzi afunsa ngati mzere wa pa khadi wakwera mwezi uno, napempha kuti foniyo aiike pa khutu la mwana kuti amve mau a atate wace, ameneyo ali kulera ndithu, ngakhale pakati pa iye ndi Chama pali mapiri a Muchinga ndi ulendo wa masiku awiri.